Mutu 6: Masamba Omangidwa ndi Kamphira

1. Kuwerenga kwa m'mawa

Kusukulu kwathu tsiku limayamba ndi phokoso. Ikangokwana sikisi koloko, ana makumi asanu m'kalasi imodzi amaimirira, buku kudzanja lino, chala m'khutu, n'kuyamba kukuwa mawu a Chingerezi mmene khosi lingathere. Palibe amamva mnzake. Timati kuwerenga kwa m'mawa, ndipo amene anayambitsa mwambowu ayenera kuti anali wogontha.

Buku lake ndi limodzi kwa onse. Muli mawu zikwi zitatu ndi mazana asanu, amene munthu ayenera kuwameza asanakalembe mayeso olowera ku yunivesite. Tsiku lililonse lili ndi tsamba lake. Phokoso likatha, aphunzitsi amatchula tanthauzo m'Chitchaina, ana n'kulemba mawuwo m'Chingerezi. Wolakwa mawu atatu amakaima kumbuyo mpaka belu litalira.

Teng Yalan, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anali asanaimeko kumbuyoko chaka chonse. Koma buku limene ankawerenga silinali lake.

Linali la mchimwene wake, Bosheng. Panali patapita chaka ndi miyezi isanu kuchokera pamene lole yonyamula mchenga inamugunda pa mlatho, m'mawa wina wa chifunga, akupalasa njinga kuthamangira kuwerenga komweku. Pa nthawiyo anali m'kalasi imene Yalan analimo tsopano. Zinthu zake zonse anaziwotcha monga mwa mwambo, koma bukuli Yalan analitulutsa m'bokosi la zinthu zokawotchazo anthu asanaone.

Bosheng anali ndi njira yakeyake yowerengera. Mawu akamuvuta ankaika kadontho pambali, akamuvutanso kadontho kena. M'mphepete ankalemba tsiku, ndipo pansi pa mawu ovuta ankapeka chiganizo choti asawaiwale. Ziganizo zambiri zinali zonena mlongo wake. Pa mawu otanthauza ulesi analemba m'Chingerezi kuti, "Mlongo wanga ndi waulesi kuposa mphaka wa Azakhali." Ali moyo, zoterezi zinkayambitsa ndewu m'nyumba. Tsopano Yalan ankaziwerenga pang'onopang'ono kuti zisathe msanga.

Bosheng ankathamanga kuposa kalasi yake. Masamba amene anali asanawafike ankawamanga ndi kamphira kofiira. "Asamandiyang'ane," ankatero. Kamphirako kanali pomwepo, kuyambira tsamba 143 mpaka kumapeto, ndipo Yalan anali asanakakhudzepo.

Panalinso china chimene sanauze munthu. Akatseka khutu pakati pa phokoso lija, ankamva Bosheng akuwerenga naye limodzi, atatsogola pang'ono. Iye akasiya, mawuwo ankasiyanso. Zinkamuchititsa mantha, koma tsiku limene sanawamve mantha ake ankakula koposa.

Sabata imeneyo kalasi inali pa tsamba 139.

2. Maloto a Amayi

Lachiwiri madzulo Yalan anapeza Azakhali, mlongo wa bambo ake, atakhala m'kashopu kawo kogulitsa mabanzi a nyama. Patebulo panali zokawotchera Bosheng: ndalama zongoyerekeza za pepala, timitengo ta lubani, jekete ya pepala ndi nsapato za pepala. Lamlungu linali tsiku losesa kumanda.

Bambo ankapukuta madengu ophikira mabanzi. Amayi anakhala pafupi ndi khomo, mbale ya mpunga ikuzizira m'manja. Anali ataonda moti mphete inkazungulira yokha pachala.

"Bosheng wabweranso m'maloto," anatero Amayi osayang'ana munthu. "Kachinayi tsopano. Amaima pa geti la kumene amalembera mayeso. Anzake a m'kalasi mwake akulowa, aliyense akuwerenga komaliza. Iye chimanjamanja. Amangosisita matumba ngati wataya makiyi, kenako n'kundiyang'ana."

"Anzake alemba mu Juni," anatero Azakhali. "Nayenso akudziwa kuti nthawi yayandikira. Tsiku lija tinawotcha yunifomu, magalasi, chikwama, zonse. Buku la Chingerezi lokha ndilo silinaoneke."

"Ndinaliika m'bokosi ndekha," anatero Bambo, n'kupitiriza kupukuta.

Azakhali anatembenukira kwa Yalan. Ndi munthu amene akayamba kulankhula, ngakhale wailesi imaoneka yaulemu.

"Yalan, iwe ndiwe mwana wasukulu, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko amakuuzani kuti izi n'zachikale. Komabe ndimvere. Munthu akapita, zake zimamutsatira. Sitiwotcha chifukwa choti tazida ayi. Timawotcha kuti asamabwerere kudzazifuna, chifukwa njira imeneyo ndi yaitali ndipo imamutopetsa. Ine mwamuna wanga atamwalira ndinabisa chipewa chake pansi pa pilo. Ndinkati chikunditonthoza. Zaka ziwiri sindinagone tulo tolongosoka, chakudya chili chonse chinkangomveka ngati thonje m'kamwa. Tsiku limene ndinachiwotcha ndinalira ngati wamwalira dzulo lake. Koma sabata yomweyo ndinamva kuti ndiwo zanga zachepa mchere, ndipo ndinadziwa kuti ndabwerera. Taona amayi ako mmene atheramu. Mwana mmodzi tinamukwirira kale, sindikufuna kukwera phiri lija ndi bokosi lina. Ngati ukudziwa kumene kuli bukulo, usadikire kuti tikufunse kawiri."

Chikwama cha Yalan chinali pamiyendo pake, ndipo bukulo linali m'katimo. Anachikumbatira ndi manja onse.

"Ndifufuza, Azakhali," anatero. "Mwina linatsalira kusukulu."

Amayi anakweza maso. M'masomo munali chiyembekezo chachikulu moti Yalan anayang'ana pansi.

3. Nthawi yogona masana

Tikatha kudya masana, kusukulu kwathu amatseka makatani ndipo aliyense amagoneka mutu padesiki kwa mphindi makumi anayi. Ndi lamulo. Ngakhale amene alibe tulo amatsinzina kuti asalembedwe dzina.

Lachitatu Yalan sanatsinzine. Anatulutsa mabuku awiri n'kuwaika pamiyendo, pansi pa desiki. Lina linali la Bosheng. Lina linali lake limene sukulu inamupatsa, latsopano, likununkhabe inki chifukwa anali asanalitsegulepo. Anasongola pensulo n'kuyamba pa tsamba loyamba. Kadontho apa, kadontho apo, tsiku m'mphepete, chiganizo pansi. Kalembedwe ka Bosheng ankakadziwa kuposa kake.

Shu Manli, amene ankakhala naye desiki imodzi, anatsegula diso limodzi.

"Ukuchita chiyani?" ananong'ona.

"Gona."

"Ndigona bwanji pensulo yako ikukanda ngati khoswe kudenga?"

Anasuzumira pansi pa desiki. Manli ndi wa matama koma si wopusa, ndipo za bukulo ankazidziwa kalekale. Anayang'ana lakale, anayang'ana latsopano, tulo n'kuthera pomwepo.

"Iwe Yalan, ukufuna kunamiza munthu wakufa?"

"Mawu ake ndi omwewo. Achimwene akufuna mawu, ndiye awapeza onse."

"Ngati ndi omwewo, bwanji osapereka lenilenilo, iwe n'kutsala ndi lakoli?"

Yalan analemba tsiku lina m'mphepete.

"Sanamizika anthu amenewa," anatero Manli. "Agogo anga anawotchera agogo aamuna foni ya pepala n'kuiwala chaja. Anawalota sabata yathunthu atakwinya nkhope."

"Ngati sundithandiza, tseka pakamwa."

Manli anamasula kamphira kofiira kutsitsi kwake n'kukaika padesiki. "Ine sindinaone kanthu," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Masana atatu Yalan anagwira ntchitoyi, ndiponso pa nthawi yopuma iliyonse. Anapinda makona a masamba. Anadonthezera tiyi pa tsamba 60, pamene lakale linali ndi banga. Anadya banzi n'kupukutira zala m'mphepete. Anakuta chikuto ndi pepala la kalendala yakale ya kushopu, monga linalili linzake. Akanaika khama lotere pa masamu, bwenzi tikunena zina.

Lachisanu, ali pa tsamba 140, mthunzi unagwera padesiki. Anali Aphunzitsi Nie, mayi wamfupi wa imvi amene ankayenda mosamveka, fulasiki ya tiyi ili m'khwapa. Analoza mabuku onse awiri, kenako analoza khomo.

4. Pakhonde

Panja Aphunzitsi Nie anatsegula buku lakale. Anayang'ana madontho aja nthawi yaitali. Bosheng anamuphunzitsanso iwowo.

"Dzanja ili ndikulidziwa," anatero. Anatsegula latsopano. "Ilinso likufuna kuti ndilidziwe. Fotokoza."

Yalan anafotokoza zonse, maloto a Amayi, mawu a Azakhali, ndi za Lamlungu. Za mawu amene ankawamva m'mawa sananene.

Aphunzitsi anamwa tiyi, n'kulavulira katsamba ka tiyi m'chivindikiro cha fulasiki.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuphunzitsa chinenero cha anthu amene sindinafikeko kwawo. Ndaona ana akulemba mayankho m'manja, pa rula, m'kati mwa kolala. Onsewo amanamiza ine, ndipo ine sizindipweteka, chifukwa mayeso aakulu akafika amadzaonekera okha. Iwe sukunamiza mphunzitsi. Ukunamiza amayi ako, pamaso pa manda a mwana wawo.

"Za mizimu sindizidziwa, ine ndimaphunzitsa galamala. Koma chimene ndikuchidziwa ndikuuza. Mawu oloweza umakhoza onse, inde. Koma ndikati upeke chiganizo chako, umandipatsa cha Bosheng. Ndimazizindikira, zina ndinazichonga ndekha ndi inki yofiira. Ndikakupatsa nkhani yoti uwerenge, ukangokumana ndi mawu amene iye sanawafike, umaima ngati wafika pamtsinje, osayesa n'komwe kuganiza tanthauzo kuchokera ku mawu ozungulira. Ndinkadikira, ndinkati chisoni chili ndi nthawi yake. Koma chaka chino sunaphunzire Chingerezi, mwana wanga. Wakhala ukuloweza mchimwene wako.

"Lolemba tikufika pa tsamba 143. Kumeneko kulibe kadontho, kulibe tsiku, kulibe nthabwala. Udzawerenga wekha, kaya bukuli lili m'chikwama mwako kaya lili phulusa. Sindikulanda, ndipo makolo ako sindiwaimbira foni. Ndiwe wamkulu. Koma dziwa kuti bodza lonenedwa kumanda silitsala kumandako. Udzatsika nalo phiri, udzadya nalo, ndipo tsiku lililonse amayi ako akamwetulira udzalimva kulemera."

Anamubwezera mabuku onse awiri, limodzi kudzanja lililonse.

"Ndamva, Aphunzitsi," anatero Yalan.

Analowa m'kalasi, anakhala pansi, n'kuyang'ana anzake ali m'tulo. Zonse zimene Aphunzitsi ananena zinali zoona, ndipo ankadziwa. Koma ankaopa m'mawa wopanda mawu a Bosheng kuposa mmene ankaopera bodza. Anatola pensulo, anamaliza masamba awiri otsalawo, n'kumanga ena onse ndi kamphira ka Manli.

5. Lapezeka

Loweruka m'mawa, makasitomala atachepa, Yalan anaika buku lokopera lija patebulo.

"Linali m'kabati ya aphunzitsi," anatero. Bodza lachiwiri linatuluka mosavuta kuposa loyamba.

Amayi anapukuta manja kawiri asanalikhudze. Chingerezi sachidziwa ngakhale chilembo chimodzi, koma anatsegula masamba pang'onopang'ono, chala chikutsata pensulo.

"Taonani dzanja lake," anatero. "Bambo a ana, bwerani mudzaone. Ankalemba mopendeka chonchi kuyambira ali wamng'ono, ndinkamukalipira." Anakweza bukulo n'kulinunkhiza. "Mafuta a mabanzi. Ndinkamuuza kuti osadya akuwerenga."

Anakokera Yalan pafupi. "Apa analemba chiyani? Tandiwerengere."

Yalan anawerenga m'Chingerezi, kenako anamasulira. "Akuti, 'Amayi anga amakana kuti amaliza mkonono, koma mazenera ndi mboni.'"

Amayi anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, koyamba chichitikire maliro, ndipo kunathera m'misozi. Anagwira mutu wa Yalan n'kuugoneka pachifuwa pawo. "Mwana wabwino," anatero. "Wamuthandiza mchimwene wako."

Yalan anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Akanatha kuulula zoona pomwepo. Sanatero.

6. Paphiri

Lamlungu kunacha ndi mvula yowaza, monga imachitira tsiku limeneli chaka ndi chaka. Phiri linadzaza mabanja, utsi ndi makombola. Yalan anakwera chikwama chili kumsana. Buku la Bosheng sankalisiya kunyumba ngakhale tsiku limodzi.

Bambo anadula udzu ndi chikwakwa n'kuwonjezera dothi pamanda. Amayi anayala mabanzi asanu ndi limodzi, malalanje, ndi botolo la chakumwa chimene Bosheng ankachikonda. Azakhali anayatsa lubani n'kupatsa aliyense timitengo titatu. Anawotcha ndalama, jekete ndi nsapato, Yalan atagwira ambulera pamwamba pa moto.

Buku silipsa lathunthu. Limangoda kunja, m'kati n'kutsala loyera, ndipo chinthu chopsa mwatheka sichifika. Choncho Bambo anagwada n'kuyamba kuling'amba tsamba limodzi limodzi. Yalan anaona ntchito yake ya masana atatu ikupindika n'kusanduka phulusa.

Atafika pa kamphira, Bambo anakachotsa n'kukaponya pamoto. Anapitiriza ndi masamba oyera. Chakumapeto manja awo anayamba kuchedwa. Anagwira masamba omaliza, anawayang'ana kutsogolo, anawayang'ana kumbuyo. Kenako anawaika pamoto pamodzi ndi chikuto.

"Landira, mwana wanga," anatero Amayi atawerama. "Ukalowe ndi anzako. Uwerenge funso kawiri usanayankhe, usapupulume monga umachitira."

Kamphepo kananyamula phulusa n'kulizunguza m'mwamba. "Walandira," anatero Azakhali. "Mwaona mmene walandirira msanga?"

Potsika, Amayi ndi Azakhali anatsogola. Amayi ankayenda mopepuka, akukambirana za nsomba yoti akaphike. Bambo, amene nthawi zonse amasiya anthu kumbuyo, anachedwa dala mpaka anafanana ndi Yalan. Anayenda limodzi kanthawi, matope akumata kunsapato.

"Sindidziwa Chingerezi," anatero Bambo motsitsa mawu. "Dzanja lako ndi lake sindingalisiyanitse. Wachita ntchito yaikulu."

Bambo anapitiriza osamuyang'ana.

"Tsiku lija, amene anatola buku pa mlatho ndine. Linagwera pambali pake. Masamba akumapeto ananyowa, ndipo sanali madzi. Ndinawadula ndi lezala kuseri kwa shopu, khumi ndi anayi, kuti amayi ako asawaone. Chikuto ndinasintha, kamphira ndinabwezera pamalo pake." Anaima. "Lero ndawotcha buku lathunthu, mpaka tsamba lomaliza."

Chaka ndi miyezi isanu Yalan anali atayenda ndi bukulo kumsana, kugona nalo pafupi, osadziwa chimene chinali kuseri kwa kamphira. Anamva chisoni, osati cha Bosheng yekha, koma cha bambo ake atagwada okha kuseri kwa shopu ndi lezala, osauza munthu.

"Bambo, ine..."

"Lili m'chikwamamo?"

Yalan anagwedeza mutu kuvomera.

Bambo sanatambasule dzanja. Anangoyang'ana chikwamacho, maso ali ofiira, mvula ikutsika m'chipewa chawo.

Kumunsi kwa kanjira Amayi anatembenuka. Anali atapinda ambulera, nkhope ikunyowa ndi mvula, akumwetulira ngati munthu amene watula mtolo.

"Bambo ndi mwana wake," anaitana, "mukunong'onezana chiyani kumeneko?"

Bambo anayang'ana Yalan, n'kudikira kuti ayankhe yekha.